Chipsera cha pa Ntchafu

Glasgow,
15 Meyi, 1960

Achimwene a Paston,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo, pamodzi ndi alamu a Winnie ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira sikutha, ngakhale eni dziko akuti ino ndiyo nyengo yofunda.

Mng'ono wanga Idah wandilembera kuti mwatuluka m'ndende. Kalata yakeyo ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde la chipatala, ndipo ndinachedwa kubwerera ku wodi. Akuti mwaonda, ndipo mano awiri anatsala komweko. Mundiuze nokha mmene thupi lilili.

Ndikudziwa kuti mwafika pakhomo n'kupeza mwana wanga ali m'nyumba mwanu, mayi wake kulibe. Sindinathe kukufunsani, chifukwa makalata kumene munaliko sankafika. Malo a maphunzirowa anatuluka mu Novembala, ndipo a metironi anandiuza kuti ndikawakana apatsa wina. Ndi chaka chimodzi chokha. Ndikuphunzira unamwino wa matenda opatsirana: chifuwa chachikulu, chikuku, nthomba ndi ena otere. Setifiketi yanga ya ku Durban ija imandilola kugwira ntchito m'wodi iliyonse, koma siindilola kuyang'anira wodi ya matenda amenewa. Ndikapambana kuno, ndidzatha kuiyang'anira ndi kuphunzitsa atsikana akwathu.

Wolipira maphunzirowa ndi boma la Chitaganya, lomwe lija linakutsekerani. Zimenezi sindiziiwala ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinabweradi kudzaphunzira, kapena ndinangothawa nyumba yachete ija bambo a Zione atamwalira. Yankho sindilipeza.

Pali kanthu kamodzi. Pochoka ndinasiya Zione asanalandire katemera wa nthomba, chifukwa anali ndi mphere thupi lonse, ndipo sititemera pakhungu la zilonda. Ngati mphere zija zinatha, mwina alamu angapite naye ku chipatala tsiku lina, mukaona kuti n'koyenera.

Mundiuze ngati akudya bwino, ndiponso ngati amanditchula.

Ndine mlongo wanu,
Ella


Naperi, Blantyre,
22 Juni, 1960

Mlongo wanga Ella,

Moni. Tonse tadzuka. Mano ndi atatu, Idah kuwerenga kunamuvuta kuyambira kale. Otsalawo akugwira ntchito.

Kalata yako inakhalitsa ku positi chifukwa sindikonda kuonedwa pamalo paja. Positi nayo ndi ya Chitaganya, ndipo munthu amene mlongo wake akudya za Chitaganya ayenera kuyang'ana pamene akuponda. Pa ntchito yanga ya ukalaliki ija anaikapo wina. Tsopano ndikuthandiza ku nthambi ya chipani kuno, ndipo Winnie akugulitsa nsomba zouma zochokera kwawo ku Chiromo.

Za ulendo wako sindinena zambiri. Unapita, unapita. Koma mayi athu akanakhala moyo akanakufunsa kuti kodi mbumba inayamba liti kunyamuka mwini wake ali m'ndende. Lamulungu potuluka m'tchalitchi a Aloysius, anzathu a m'chipani, anandifunsa pagulu kuti, "Nanga akapirikoni athu a ku Ulaya akupeza bwanji?" Kapirikoni, ngati unaiwala, ndi dzina la wogulitsa dziko. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, kuseka kwa munthu wopondedwa chala.

Zione ali bwino, mphere zinatha. Iye ndi Gracian wanga ali ngati mapasa, mphasa imodzi, mbale imodzi, ndewu yosatha. Gracian anamuuza kuti amayi ake anakwera sitima ya pamadzi kukagula nsapato, ndiye madzulo amakhala pa chitsa cha kumsewu kudikira nsapatozo.

Za katemera, wati ndikaona kuti n'koyenera. Ndaona kuti si koyenera. Otemerawo ndi antchito a Chitaganya, ndipo tinagwirizana kuti singano yawo isakhudze ana athu. Ena akuti imatseka mimba za atsikana kuti mtundu uthe. Ine za mankhwala sindinaphunzire, sindinganene ngati n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene anandigulula mano sangandikondere mwana. Zione ndi mbumba yanga, ine ndine malume wake. Gracian ndi wanga chifukwa mayi ake ndinalowola monga mwa mwambo wa kwawo. Onse awiri ali pansi pa denga langa, ndipo mawu ndi amodzi.

Uphunzire bwino.

Ndine mlongo wako,
Paston


Limbe,
9 Ogasiti, 1960

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Ife tilipo. Amuna anga a Kingstone akupereka moni, akuti mukamabwera musaiwale kuti ku ntchito kwawo ku njanji kumazizira m'mawa ndipo juzi lawo linabooka pachigongono. Ine sindipempha kanthu, koma phazi langa ndi lofanana ndi lanu.

Mwafunsa za nthomba. Ziliko. Zinayambira ku chigawo chapakati, koma mabasi ndi sitima zikubwera nazo pang'onopang'ono. Mayi wina wogulitsa mbatata mumsika muno anasiya kubwera, kenako tinangomva kuti nyumba yake aifukiza mankhwala.

Koma chimene anthu akuopa kwambiri si nthomba ayi. Anyamata a chipani amaima pachipata cha msika n'kumapinda manja a malaya a ana. Akapeza chilonda chatsopano cha katemera, mayi wake amamuperekeza mpaka kunyumba ndi nyimbo, mawa lake magalasi a mawindo kulibe. Ine anandiimitsa sabata yatha. Wina, kamnyamata koti ndinakaona kakukwawa, anati, "Amayi, tione mkono."

Ndinati, "Iwe Yona, chipsera ichi n'chachikulu kuposa iwe. Anatitemera ku mishoni bambo ako asanamere ndevu."

Anati, "Chakale tilibe nacho mlandu, amayi. Pitani."

Ndinati, "Zikomo a jaji."

Achimwene asintha, achemwali. Saseka monga kale. Ku misonkhano ndi iwo amene amalankhula mokweza za katemerayu, ndipo ine ndikuona chifukwa chake: akufuna anthu aiwale kuti mlongo wawo ali kumene muliko. Ndinayesa kutchula za Zione, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nawenso wayamba unamwino?" Alamu a Winnie sanena kanthu. Kwawo mkazi wolowoledwa satsutsa mwamuna pa za ana.

Zione watalika. Dzino lakutsogolo likugwedera, akuti akufuna kufanana ndi amalume.

Ndine mng'ono wanu,
Idah


Glasgow,
21 Ogasiti, 1960

Mng'ono wanga Idah,

Moni kwa iwe ndi alamu a Kingstone. Za juzi ndamva.

Kalata ino usaiwerengere munthu. Ukatha uiponye pamoto.

Mwezi uno tikuphunzira za nthomba. Kuno matendawa anasowa, moti aphunzitsi amationetsa zithunzi zokha, ndipo anzanga achizungu amaziyang'ana ngati nkhani ya makedzana. Mphunzitsi wina anandifunsa pamaso pa onse ngati ndinazionapo ndi maso. Ndinati inde. Anandiuza kuti ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza bwino, mwadongosolo, kuyambira malungo mpaka matuza. Anandiyamikira. Nditakhala pansi ndinapeza kuti nkhope yonse imene ndimafotokozayo inali ya Zione.

Ndaona chinthu china kuno. Ana aakazi ambiri sawatemera pamkono, amawatemera pantchafu, kuti akadzakula chipsera chisamaoneke akavala diresi lopanda manja. Iwo amachitira kukongola. Mankhwala ake amagwira chimodzimodzi.

Ukumukumbukira Alefa, amene ndinaphunzira naye ku Durban? Ali pa kachipatala ka kampani ya fodya ku Limbe komweko, ndipo katemera amasunga wa antchito. Ndamulembera. Upemphe achimwene kuti Zione adzacheze kwanu, unene kuti alamu a Kingstone ali ku Salima ndipo nyumba yakukulira. Upite naye kwa Alefa. Pamalopo padzatupa, padzatuluka thuza, mwana adzatentha thupi pang'ono. Usaikepo kanthu, usaphulitse. Usamubweze ku Naperi mpaka nkhanambo itagwa yokha.

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ndikudutsa kumbuyo kwa malume a mwana, munthu amene akumudyetsa pamene iye mwini alibe ntchito. Ndalingalira kwambiri ngati ndili ndi ufulu wotero, ine amene ndinamusiya. Mwina ndilibe. Koma uchite.

Ella


Limbe,
25 Seputembala, 1960

Achemwali,

Moni. Zatheka, mtima ukhale pansi.

Achimwene sanavute. Anati, "Mtenge, mwina Gracian anganenepeko akamadya yekha." Koma Gracian analira mpaka pa siteji ya basi, atagwira diresi la Zione. Alamu a Winnie anachita kumumatula.

A Alefa anatilowetsa khomo la kuseri nthawi ya chakudya chamasana. Zione anafunsa kuti, "Kodi amenewa ndi amene ali ndi nsapato zanga?" A Alefa anati, "Nsapato zikubwera, tiyambe tayeza mwendo." Anamukanda pang'ono chabe, sanalire n'komwe. Zonse zinayenda monga munanenera. Nkhanambo inagwa Lachitatu, kwatsala kachipsera ngati kandalama ka tiki. Ndinamubweza dzulo. Alamu pomusambitsa anafunsa, ndinati chinali chithupsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali koma sanafunsenso. Mwanayo ndamuuza kuti chinali chithupsa, nayenso akudziwa choncho.

Tsopano funso langa ndi ili. Nanga Gracian? A Alefa anena okha kuti, "Winayo mubwere naye, ntchafu ali nayo." Ine ndikhoza kunena kuti ana akusowana, abwere onse awiri mwezi wamawa. Achimwene sangakane. Koma sindifuna kuchita ndekha. Za Zione ndinachita chifukwa mayi wake anandituma. Za Gracian andituma ndani? Inu ndinu wamkulu, ndiponso ndinu odziwa. Mukati chita, ndichita.

Muyankhe msanga.

Idah


Glasgow,
6 Okutobala, 1960

Idah,

Moni. Zikomo. Ndinawerenga kalata yako n'kukhala pansi pa masitepe.

Za Gracian, udikire. Zione ndinabala ndine, tsiku lina ndikhoza kuima pamaso pa achimwene n'kuyankha. Gracian ndi magazi awo enieni, ndipo mayi ake alipo. Tikamugwira mobisa, zikadzaululika, alamu a Winnie ndi amene adzaoneke ngati anapangana nafe, ndipo ukwati ukhoza kutha. Ndiponso kawiri n'kawiri, chithupsa chachiwiri pamalo omwewo palibe angachikhulupirire.

Njira yabwino n'kuwagonjetsa achimwene ndi mawu. Si munthu wopusa. Ndiwalembera kalata yofotokoza zonse bwinobwino, kuti apite naye okha. Undipatse nthawi pang'ono kuti ndipeze mawu oyenera.

Ella


Glasgow,
13 Novembala, 1960

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ine ndilipo, mayeso otsiriza ndi mu Januwale.

Kalata ino ndakhala ndikuilemba kuyambira mwezi watha. Zingapo ndang'amba, ina chifukwa inali yaukali, ina chifukwa inali ngati phunziro la m'kalasi. Sindidziwa kulankhula nanu monga namwino. Ndikangoyamba, ndimabwerera kukhala kamtsikana kamene munkakanyamula powoloka mtsinje wa Luchenza.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Vulani malaya, muyang'ane mkono wanu wamanzere. Chipsera chimenecho anatiika tonse atatu ku mishoni, tsiku limodzi, inu munali patsogolo ndipo munatiuza kuti sizipweteka. Nthawi imeneyo Chitaganya kunalibe. Mankhwala ake ndi omwewa. Ine ndili nacho ndipo ndinabala Zione. Inu muli nacho ndipo munabala Gracian. Palibe mimba imene inatsekeka.

Sindikunena kuti mukonde boma limeneli. Chimene anakuchitani sindingachichepetse. Koma nthomba sizifunsa khadi la chipani. Mwa ana osatemera amene zawagwira, ambiri sadzuka, ndipo odzukawo ena amatsala osaona.

Ngati n'kovuta kuonedwa pa mzere wa otemera, pali njira zina zachete. Mufunse Idah. Sindinena zambiri pa pepala.

Ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga, mundikhululukire. Mawu otsiriza ndi anu, monga mwa nthawi zonse.

Ndine mlongo wanu,
Ella


Glasgow,
20 Disembala, 1960

Idah,

Moni. Kodi kwagwanji? Achimwene sanandiyankhe, iwenso wangoti zii kuyambira Okutobala. Phukusi la juzi ndi nsapato za ana linafika? Za Gracian ndinagula zokulirapo, anyamata mapazi amathamanga.

Kuno kukuda masana. Ndimapita ku bokosi la makalata kangapo pa tsiku mpaka mlonda wayamba kundimvera chisoni. Ngakhale mizere iwiri, lemba.

Ella


Limbe,
29 Januwale, 1961

Achemwali,

Ndikhulupirira mayeso mwalemba. Ndinadikira dala kuti muthe, a Kingstone anati munthu ali kutali sitimusenzetsa maliro ali ndi ntchito m'manja. Zione ali moyo, ali bwino. Ndayamba ndi zimenezo kuti muwerenge zotsalazo.

Gracian anatisiya pa 14 Disembala.

Kumapeto a Novembala kunabwera mlendo wa chipani kuchokera ku Dowa, anagona ku Naperi ali ndi malungo. Ankasewera ndi ana, kuwanyamula pamapewa. Atapita, sipanathe nthawi, Gracian anayamba kutentha thupi ndi kulira msana. Alamu ankati ndi malungo wamba. Pamene matuza anatuluka, anatuluka ngati mapira, mpaka m'kamwa. Achimwene anamunyamula okha kupita naye ku chipatala, masana, anthu akuona, osasamalanso za chipani. Kunali kochedwa.

Maliro ake sanali maliro. Sanatilole kugona pa siwa. Alamu sanaloledwe kusambitsa mwana wawo. Anthu a zaumoyo anamukulunga okha, ife tinaima patali ngati alendo. Mphasa ija ankagonapo awiri anaitentha pabwalo, ndi zofunda, ndi timalaya take tonse.

Tsiku lotentha zinthulo ndi limene zinaululika. Mkulu wa zaumoyo anatiika pamzere kuti aone mikono. Atafika pa Zione anati, "Uyu amagona ndi malemu?" Alamu anati inde. Anati, "Ndiye bwanji alibe ngakhale kachiphuphu?" Anamuyang'ana mikono, msana, kenako anakweza diresi. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, n'kunena kuti, "Uyu ndi wotemera kale. Dzanja la munthu wodziwa ntchito ili. Mukamuthokoze."

Zione anati, "N'chithupsa." Achimwene anagwada, anayang'ana kachipserako nthawi yaitali, anatsitsa diresi la mwanayo bwinobwino, n'kulowa m'nyumba.

Alamu anandipeza kuseri kwa bafa. Sanakweze mawu. Anati, "Mlamu, ine ndinadziwa tsiku lomwe lija kuti si chithupsa. Ndinkadikira kuti mubwere mudzatengenso wanga. Tsiku lililonse ndinkamuchapira malaya." Atatha masiku a maliro anapita kwawo ku Chiromo, sanabwerere.

Kalata yanu ya kwa achimwene inatengedwa ku positi maliro atachitika kale. Phukusi linafika tsiku lomwelo. Nsapato za Zione zamukwana. Zinazo zili m'sutikesi mwanga, sindidziwa chochita nazo.

Zione amafunsa kuti Gracian abwera liti kuchokera ku chipatala. Chitsa chija amakhalapobe.

Idah


Naperi,
5 Febuluwale, 1961

Ella,

Moni. Ndamva kuti Idah wakuuza.

Kalata yako ndinawerenga. Malaya ndinavula, mkono ndinayang'ana. Unanena zoona. Mwana wanga ndinamupha ndine, ndi pakamwa pangapa, ndipo palibe tsiku limene ndidzanene kuti ndi wina. Ku nthambi sindipitako. A Aloysius anabwera kudzapepesa, anati Gracian wafera dziko. Ndinawapempha kuti atuluke.

Za kundidutsa kumbuyo sindikuimba mlandu. Ukanandimvera, bwenzi manda ali awiri. Ndinali malume wolakwa ndipo unachita bwino kundinyoza.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa tulo. Unadziwa njira mu Ogasiti. Unadziwa khomo la kuseri, unadziwa munthu, unadziwa malo obisika. Ine wandilembera mu Novembala, mwaulemu, kuti mawu otsiriza ndi anga. Pa mwana wako sunandisiyire mawu otsiriza. Unandisiyira pa wanga.

Ankadya mbale imodzi, Ella. Kodi pa ntchafu ya Gracian panalibe malo?

Paston


Glasgow,
16 Febuluwale, 1961

Achimwene,

Malo analipo.

Idah anandifunsa mu Seputembala, ndipo Alefa anali wokonzeka. Ine ndinati adikire. Musamuimbe mlandu Idah. Ndinali ndi zifukwa, ndipo pozilemba zinkaoneka zanzeru: ulemu wanu, ukwati wanu, mwambo. Lero ndikaziyang'ana ndikuona kuti pa Zione zifukwa zomwezo zinalipo, koma sindinazimvere, chifukwa mantha anali aakulu kuposa ulemu. Pa Gracian ulemu unakula kuposa mantha. Sindidziwa dzina lina la chinthu chimenechi, koma kuti ndinamukonda mochepera. Kuno amatiphunzitsa kuti nthomba zikayandikira nyumba, utemere onse a m'nyumbamo, osasankha, osadikira. Ndinalemba zimenezo pa mayeso ndipo anandichonga.

Zotsatira zatuluka. Ndapambana. A metironi anandipatsa setifiketi ndi kabaji, anandigwira chanza n'kunena kuti dziko langa lidzanyada nane. Ndaziika pansi pa sutikesi.

Ndinyamuka kumayambiriro a Malichi, ndidzatsikira ku Beira, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe. Akuti andipatsa wodi ya matenda opatsirana. Ndidzaigwira, chifukwa china chimene ndingachite sindichidziwa.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikupempha kuti mundilole kufika pakhomo panu, ndi kuti wina andionetse pamene anagona. Ndiponso ngati mungalole, Zione akhalebe mbumba yanu. Alibe malume wina.

Ndine mlongo wanu,
Ella


Naperi,
26 Febuluwale, 1961

Kwa a Sisitala E. Namaona,

Ndalandira kalata yanu. Ndakondwa kuti mwapambana.

Zione adzakhala pa siteshoni ya Limbe ndi Idah, pamodzi ndi katundu wake yense. Manda adzakuonetsani Idah. Nyumba ya ku Naperi ndabweza kwa eni ake. Ine ndikupita ku Chiromo kukapempha mkazi wanga, ndipo akakana ndidzakhala konko mpaka adzalole.

Mwanayo amaopa kugona yekha. Muzimusiyira malo pambali panu.

P. Namaona